KODI MLEME NDI MBALAME? ZA NYAMA ZOYAMWITSA

Tsiku lina madzulo, titatha kuphunzitsa katekisimu, tinapeza ana ali kutsutsana pa mleme umene unagwa pa denga la sukulu. Ena anati ndi mbalame, popeza uuluka. Ena anati ndi mbewa yamapiko. Titauyang'ana bwino, tinaona kamwana katakangamira pa cifuwa pa amake, kali kuyamwa. Pamenepo mlandu unatha, pakuti palibe mbalame yoyamwitsa. Taganiza kuti nkhani imeneyi ingathandize ndi akulu omwe, cifukwa cace tailemba muno.

Pa caka ca 1758 munthu wophunzira wa ku Sweden, dzina lace Carl Linnaeus, anasonkhanitsa nyama zonse zoyamwitsa m'gulu limodzi, nalipatsa dzina lakuti Mammalia, locokera ku mau a Cilatini otanthauza bere. Lero mitundu yace yodziwika ipitirira 6,000, ndipo mwa imeneyi mitundu ya mileme yokha iposa 1,400.

Cizindikiro coyamba ca nyamazi ndico mkaka. Ng'ona iikira mazira mumcenga, nkhuku ifungatira anapiye niwapalasira, koma mbuzi, galu, njobvu ndi mbewa zidyetsa ana ao ndi cakudya cocokera m'thupi mwao mweni. Caciwiri ndico ubweya. Nkhosa iri ndi wambiri, mvuu iri ndi tsitsi lowerengeka kukamwa ndi kumcira, ndipo minga ya nungu ndi tsitsi lomwe, lolimba ndi lakuthwa. Cacitatu, mwazi wao ukhala wofunda usana ndi usiku. Buluzi ayamba waothera dzuwa asanayende, koma ng'ombe idzipangira yokha kutentha ndi udzu umene idya. Ndico cifukwa cace nyama zotere sizikhalitsa osadya monga icitira njoka.

Zizindikiro zina zibisika m'kati. Amene anasendapo mbuzi adziwa mnofu wopyapyala wolekanitsa cifuwa ndi mimba. Mnofu umenewu ndiwo ukoka mpweya kulowa m'mapapo. M'khutu muli timafupa 3 tating'ono tonyamula mau, pamene mbalame iri ndi kamodzi kokha. Nsagwada ya m'munsi iri ndi pfupa limodzi mbali iriyonse. Ndipo codabwitsa nci: kadyansonga wa khosi lalitali lija ali ndi mafupa 7 m'khosi, mbewa iri nao 7, ifenso anthu tiri nao 7.

Potero malo okhalamo asatinyenge. Mvuu iswera m'madzi, koma si nsomba. Ikhoza kumira ngati mphindi 5, pambuyo pace iyenera kubvuuka kuti ipume, ndipo iyamwitsa mwana wace. Namgumi wa m'nyanja zamcere apuma mpweya naayamwitsa momwemonso. Wamkulu mwa onse atalika kufikira mamita 30. Ngaka iri ndi mamba, koma mambawo ali a mtundu umodzi ndi zikhadabo zathu, ndipo nayonso iyamwitsa. Ku dziko la Australia kuli kanyama kacilendo kamene azungu akachula platypus: kaikira mazira, koma ana akaswa amwa mkaka wa amao. Komwekonso kangaroo abala mwana wosakhwima, namlera m'thumba la pa mimba pace kufikira atalimba.

Masiku a bere asiyana monga mwa mtundu. Galu akhala nalo miyezi 2, mbuzi 5, ng'ombe 9, njobvu 22. Koma zonsezi zifanana pa cinthu cimodzi: mwana wobadwa sangakhale ndi moyo popanda amace.

Nanga ife anthu? Pa thupi tiri m'gulu lomweli, ndipo tisacite nazo manyazi. Mwana wa Mulungu mwini, pobadwa ku Betelehemu, sananyoze bere la Maria Virigo. Cotisiyanitsa ndi nyama ndiwo mzimu wosafa, nzeru ndi ufulu wakusankha cabwino kapena coipa. Mbuzi iyamwitsa osadziwa cifukwa cace. Ife tidziwa, potero tikalephera tiri ndi mlandu.

Apa ndipo tifuna kupempha amai ndi agogo kuti amvetse. Mkaka woyamba uja, wolimba ndi wacikasu, ena aufinyira pansi namati ngwoipa. Iai, umenewu ndiwo uteteza khanda ku matenda, ndipo mwana auyamwe pa ora loyamba atabadwa. Taonani mwana wa ng'ombe: abusa onse adziwa kuti akaumana mkaka umenewu sacedwa kudwala. Kwa miyezi 6 yoyamba khanda lisalandire kanthu kena, ngakhale madzi kapena phala lamadzi, pakuti m'mimba mwace simunakhwime, ndipo zotere zidzetsa kutsegula m'mimba kumene kwalanda ana ambiri. Ikatha miyezi 6 muyambe phala losakaniza ndi nsinjiro, koma bere lipitirire kufikira zaka 2 kapena kuposa. Inu abambo, mkazi woyamwitsa adyetsa anthu awiri ndi mimba imodzi. Musamsiyire khasu, mtondo ndi nkhuni zonse, ndipo ndiwo yabwino isathere m'mbale yanu yokha.

Ubale wathu ndi nyamazi uli ndi kuopsa kwacenso, cifukwa matenda ena atha kuoloka kucokera kwa izo kudza kwa ife. Mkaka wa ng'ombe uyambe wawiritsidwa tisanamwe, popeza utha kunyamula cifuwa cacikulu. Ciwewe cigwira agalu, ankhandwe, amphaka ndi anthu. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti matendawa akaonekera sacizika. Ana asamagwire mileme ndi manja, monga tinawalangizira aja a ku sukulu.

Mleme uja tinaunyamula pa kamtengo, tinaukoloweka pa nthambi, ndipo kutada unauluka ndi mwana wace pa cifuwa. Tiyamike Mulungu amene anakonzeratu cakudya ca khanda lisanabadwe, ndipo tisamale ana amene watipatsa.