Mpikisano Umene Oweruza Ake Amagona Pansi pa Galimoto

Pa mipikisano ya magalimoto akale ku America, oweruza ena sataya nthawi ndi kunyezimira kwa boneti. Amatenga tochi ndi kagalasi, n'kugona chagada pansi pa galimoto. Bungwe la National Corvette Restorers Society, lomwe linayamba mu 1974, limaweruza kunsi kwa galimoto ngati gawo lapadera, ndipo galimoto ya Corvette yofuna mphoto ya Top Flight iyenera kupeza mapointi osachepera 94 pa 100 alionse.

Chimene amafuna n'chakuti galimoto ioneke mmene inalili tsiku limene inatuluka m'fakitale. Kukongola kopitirira pamenepo kumagwetsa mapointi.

Corvette ya 1963, yopangidwa ku St. Louis, imaonetsa bwino kukula kwa ntchito yobwezeretsa galimoto mwakale. Bodi yake ndi ya fibreglass ndipo sigwira dzimbiri, choncho galimoto ikhoza kuoneka yabwinobwino kunja pamene chasisi chachitsulo chadyeka, makamaka chakutsogolo kwa matayala akumbuyo kumene kumakhala matope. Kumadera ozizira vutoli limakula chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu kuti usungunule chipale chofewa. Amakaniko amayamba ndi kunyamula bodi yonse, chasisi n'kutsala pachokha. Kenako amamasula mashoko, mabushi, difu, mabuleki ndi sipuling'i yakumbuyo, yomwe pa galimoto imeneyi ndi imodzi yokha, ya zitsulo zosanjikiza, yogona chopingasa pakati pa matayala awiri.

Asanatsuke chilichonse amajambula zithunzi. Pansi pa girizi wa zaka 60 pamabisala zizindikiro za anthu a m'fakitale: nambala ndi deti zodindidwa ndi penti pa chasisi, mizere ya choko yosonyeza kuchuluka kwa tizitsulo topatira pakati pa bodi ndi chasisi, ndiponso madontho a penti amene woyendera ntchito ankapaka pa chitsulo akachiona. Zonsezi zimayenera kubwerera pamalo pake, ndi mtundu wake womwewo, ngakhale pamene penti inayenderera mosasamala.

Katsukidwe kamatengera chitsulocho. Chimene chadyeka kwambiri amachipopera mchenga mpaka dzimbiri lonse litachoka, koma mchenga umafafaniza zizindikiro. N'chifukwa chake ambiri tsopano amapopera timibulu ta dry ice, womwe ndi mpweya wa carbon dioxide wouma, wozizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro. Timibuluto timasomphola girizi ndi matope, n'kusanduka mpweya pompo, penti yakale n'kutsala. Mabawuti ndi manati satayidwa, chifukwa pamutu pa bawuti pamakhala chizindikiro cha kampani imene inaipanga ndipo oweruza amachiwerenga. Amawatsuka ndi kuwakutiranso zinki kapena mankhwala akuda, monga mmene analili poyamba.

Pa penti ndi pamene eni magalimoto ambiri amakodwa. Penti ya ufa yowotchera mu uvuni imalimba kuposa penti yakale, koma imakhuthala ndi kuwala kwambiri, ndipo woweruza amaizindikira. Zitsulo zina fakitale sinkazipaka n'komwe, moti zimafunika kungozipukuta ndi oilo kuti zisachite dzimbiri.

Pomanganso, makaniko wodziwa ntchito samangitsa mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke. Amadikira itsike, kulemera kwake kukhale pa matayala. Akapanda kutero, labala wa m'bushi amakhala wopotoka, amang'ambika msanga, ndipo galimoto imaima motukuka kuposa muyezo umene oweruza amayeza.

Kukonda zinthu zosasinthidwa kwafika ngakhale pa mpikisano wotchuka wa Pebble Beach ku California, umene unayamba mu 1950. Mu 2024 mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934, yokhala ndi penti yokalikakalika komanso mipando ya chikopa chakutha. Aka kanali koyamba kuti galimoto ya m'gulu la zosakonzedwanso ipambane mphotoyo.