Kodi Labotale ya pa Sukulu Amalipira Ndani?

Anzanga, pa mayeso a MSCE pali pepala limodzi limene munthu sungakhoze ndi kuloweza kokha. Ndi pepala lija la pulakitiko, limene bungwe la MANEB limafuna kuti wophunzira agwire chipangizo ndi manja ake, ayeze, aone ndi maso, kenaka alembe zimene waona. Ife kuno tikamadandaula kuti Chemistry ngwovuta, tizikumbukira kuti alipo anzathu ambiri, makamaka a m'sukulu zoyendera za CDSS, amene amafika Fomu 4 burette atangoiona yojambula ndi choko pa bolodi. Tsono ine ndati ndifotokozeko m'mene zinthu zidafikira pamenepa, ndiponso kumene ndalama za labotale zimachokera.

Nkhaniyi idayambira ku pulayimale. Mu 1994 Boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewa atakula adafuna malo ku sekondale, koma malo adali ochepa zedi. Mu 1998 Boma lidasandutsa masukulu a MCDE kukhala ma CDSS. Dzina lidasintha msanga, koma nyumba zidatsala zomwe zija: zipinda zowerengeka zomangidwa ndi makolo, zambiri zopanda magetsi ngakhale madzi a m'mipope. Amene adazimanga ankafuna denga loti ana asanyowe ndi mvula, za labotale sadaziganizeko.

Nanga womanga labotale ndani? Chiyambire malamulo a maboma ang'onoang'ono a 1998, sukulu za pulayimale zidapita m'manja mwa makhonsolo, pamene sekondale zimayang'aniridwa kudzera m'zigawo 6 za maphunziro zimene zili pansi pa Unduna ku Lilongwe. Ndalama zimene sukulu imalandira kuti iziyendera zimathera ku choko, mapepala ndi zina zing'onozing'ono, moti sizingamange nyumba. Nchifukwa chake nyumba zambiri zimadzera njira zina.

Njira yakale ndi ya makolo. Pa nthawi ya MASAF, imene idayamba mu 1995, anthu a m'mudzi ankaumba njerwa, kututa mchenga ndi kuswa miyala, ndipo thumba la MASAF linkagula simenti ndi malata ndi kulipira amisiri. Agogo athu ambiri ali ndi khoma limene angaloze nkunena kuti njerwa zake adasenza ndi iwo. Koma kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za Boma pofuna kuteteza mitengo, ndiye kuti chopereka chachikulu cha mmphawi chidachepa mphamvu, poti mabuloko a simenti amafuna ndalama. Palinso thumba la CDF la chitukuko cha m'dera la phungu, limene lidayamba mu 2006. Kenaka pali abwenzi akunja. Mwachitsanzo, mu 2019 World Bank idavomereza madola 90 miliyoni a ntchito yotchedwa EQUALS, yotukula masamu ndi sayansi makamaka m'ma CDSS.

Komatu m'maganizo mwanga vuto lenileni silili pa khoma. Labotale imadya ndalama za mitundu itatu, ndipo anthu amakonda mtundu umodzi wokha. Woyamba ndi wa nyumba: makoma, matebulo olimba, masinki, mipope ya madzi ndi ya gasi. Umenewu aliyense amaufuna chifukwa umaoneka, amadulapo riboni, amayi nkuvina. Wachiwiri ndi wa zipangizo monga maikulosikopu, masikelo, ma burette ndi ma pipette. Izi amagula kamodzi nkukhalitsa, ngakhale kuti zambiri nzagalasi, ndipo manja a achimwene athu a Fomu 1 tonse timawadziwa.

Wachitatu ndiye umaiwalika, wa zinthu zimene zimatha. Taganizani za titration. Umathira sodium hydroxide m'kabotolo, nkudonthezeramo phenolphthalein mpaka madziwo afiire. Kenaka umatsegula burette pang'onopang'ono kuti asidi azidontha, uku ukugwedeza kabotoloko, mpaka kufiira kuja kuzimirire. Pamenepo umawerenga kuchuluka kwa asidi amene walowa, ndipo umabwereza kawiri kapena katatu kuti utsimikize. Ukamaliza, zonse zija umataya m'sinki. Asidi amene wagwira ntchito lero sabwereranso m'botolo mawa. Tsono muchulukitse zimenezi ndi ana onse a m'kalasi, chaka ndi chaka. Ku Biology nchimodzimodzi: ayodini woyezera sitachi amatha, mankhwala a Benedict oyezera shuga amatha, gasi wotenthetsera naye amatha. Wopereka thandizo akamanga nyumba amapita, ndipo mabotolo akauma palibe amene ali ndi udindo woonekeratu wowadzazanso. Mapeto ake nyumba yokongola ija amayamba kusungiramo madesiki othyoka.

Katunduyu adalemeranso mu 2015, pamene silabasi yatsopano idagawa Physical Science kukhala maphunziro awiri, Physics ndi Chemistry. Lililonse lili ndi pulakitiko yake ndi zipangizo zake, ndipo limafuna mphunzitsi amene adalidziwadi. Ine sindikutsutsa kugawako, poti ku mayunivesite monga MUST ku Thyolo kapena KUHeS amafuna munthu wozama m'maphunziro amenewa. Koma mwana wa ku sukulu yopanda labotale akasiya Physics ndi Chemistry ali Fomu 3, khomo la udokotala ndi uinjiniya limamutsekekera pomwepo, ngakhale atakhala wanzeru kuposa tonsefe.

Aphunzitsi ena sakhala manja lende ayi. Maphunziro a SMASSE, amene adayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan, amawalimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Chimodzi chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha chidede. Mukawiritsa chidede chofiira nkusefa madzi ake, mwapeza choyezera asidi. Mukathiramo madzi a mandimu, amafiira kwambiri. Mukathiramo chidulo, chija amayi amacheza ndi phulusa pophika therere, mtundu umasintha nkumapita kobiriwira, chifukwa chidulo ndi alikali. Mukabwezeramo mandimu pang'onopang'ono, kufiira kumabwerera. Zimene zimachitika m'kabotolo ka mu labotale ndi zomwezi, ndipo pano sipafunika ngakhale tambala imodzi.

Koma chidede chili ndi polekezera. Chimakuonetsa kuti mtundu wasintha, koma sichingakuphunzitse kuwerenga timizere ta pa burette diso lili molingana ndi madzi, kapena kutseka kampopi kake pa dontho loyenera. Zimenezi zimalowa m'manja pokhapokha utazichita kangapo. Mayeso akayandikira, sukulu imayenera kukonzeratu zipangizo ndi mankhwala amene MANEB yanena. Imene ilibe imakabwereka ku sekondale yoyandikana nayo, nthawi zina kutangotsala masiku owerengeka, ndipo mwana amayamba kuphunzira kagwiridwe ka pipette wotchi ya mayeso ikuyenda kale.