Musanagule mfuti yakale ya asilikali

Chimanga chikayamba kukhwima, nguluwe ndi anyani nkumalowa m'minda, alimi ambiri amandifunsa za mfuti zakale za asilikali, makamaka ija ya 303. Ena amaifuna yotetezera mbewu, ena yongosunga ngati chikumbutso cha agogo awo amene anapita kunkhondo.

Mfutiyi dzina lake ndi Lee-Enfield. Asilikali a ku Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1895, ndipo ndi yomwe asilikali athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Imalowa zipolopolo 10, ndipo mukawombera kamodzi mumakoka chitsulo chotchedwa bolt kuti chipolopolo china chilowe.

Langizo langa loyamba ndi lakuti yambirani kupolisi, ndalama zikadali m'thumba. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ikhale ya malemu agogo anu. Wogulitsa akuonetseni chiphaso chake, ndipo nambala ya papepala ifanane ndi ya pamfuti. Mfuti yotsatsidwa monong'ona italikireni, poti simudziwa zimene inachita.

Chachiwiri, kumbukirani kuti mfutizi nzokalamba. Chotsani bolt ndi kusuzumira mumpope moloza kowala. Mizere yopotana ya m'kati izioneka bwino. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere mumpope, motero mfuti imene sinkatsukidwa ndi madzi otentha imakhala ndi timaenje ta dzimbiri. Onaninso ngati nambala ya pa bolt ikufanana ndi ya pathupi la mfuti. Zikasiyana ndiye kuti bolt inachokera ku mfuti ina, tsono musawombere mmisiri wa mfuti asanaipime, chifukwa chikhokho cha chipolopolo chikhoza kung'ambikira kumaso kwanu. Thabwa long'aluka nalonso ndi chenjezo. Wofuna yachikumbutso asapale thabwa kapena kufuta zidindo, popeza mbiri ya mfuti ili m'zidindomo.

Chomaliza, alimi anzanga, chiphaso cha mfuti si chilolezo chophera nyama. Njovu kapena mvuu zikamaononga, kauzeni a zanyama zakutchire. Chipolopolo cha 303 chimatha kuuluka kupitirira makilomita 2, ndipo kuseri kwa munda wanu kuli midzi ndi ana oweta mbuzi. Kwa ambiri a ife, mpanda wolimba, agalu ndi kulondera mogwirizana ndi anansi zimateteza chimanga pa mtengo wotsika.