Mphepo ya m'magudumu ndi mtengo wotumizira fodya ku msika

Chaka chilichonse, kuyambira cha m'mwezi wa Marichi, msewu wochokera ku Karoi kudzera ku Chinhoyi ndi Banket mpaka ku Harare umadzaza ndi malole onyamula mabelo a fodya. Ena amachokera ku Mvurwi, Centenary ndi Bindura. M'chaka cha 2023 alimi a ku Zimbabwe adagulitsa fodya woposa makilogalamu 290 miliyoni, ndipo wochuluka adachokera m'zigawo za Mashonaland. Pakati pa anthu osankha, kumanga ndi kukweza fodyayu pali ana ndi zidzukulu za amene adachoka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi, moti m'makomboni ambiri Chinyanja chikumvekabe.

Chiyambireni kugawidwa kwa mapulazi mu 2000, fodya wambiri amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono amene alibe galimoto zawo. Iwowa amalipira mwini lole pa belo lililonse, ndipo mwini loleyo akamatchula mtengo amayamba wawerengera dizilo. Mafutawa amachokera kutali: ambiri amalowa m'dzikomo pa paipi yochokera kudoko la Beira kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare, n'kupitirira mpaka ku Msasa mumzinda wa Harare. Mu Januwale 2019 boma litakweza mtengo wa mafuta kuposa kawiri tsiku limodzi, m'mizinda mudabuka zipolowe. Choncho lita iliyonse imene lole yawotcha popanda phindu imakatuluka m'thumba la mlimi.

Gawo lina la mafutawo limathera polimbana ndi mphepo. Galimoto ikamathamanga imang'amba mpweya, ndipo mpweyawo umaikankhira m'mbuyo. Mphamvu yokankhayi siikula mofanana ndi liwiro ayi: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Lole yothamanga makilomita 100 pa ola imakankhidwa ndi mphamvu yoposa ya pa makilomita 80 ndi magawo 56 pa 100 alionse.

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto lili kutsogolo kwa galimoto kokha, koma akatswiri opanga galimoto adapeza kuti pa galimoto yaing'ono, magudumu ndi mphako zimene amazunguliramo amabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukankha konseku. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Pansi pa tayala, pamene lagunda msewu, pamakhala ngati paima, pomwe pamwamba pake pamathamangira kutsogolo ndi liwiro lowirikiza kawiri la galimotoyo. Gudumu limavundula mpweya ngati mthiko mumphika, ndipo mabowo a limu amaukoka n'kuulavulira kumbali. Amene adaimapo m'mbali mwa msewu wa tara mvula ikugwa adaona nthunzi ya madzi ikutuluka m'magudumu a lole ngati utsi. Chipwirikiti chimenecho chimakhalapo ngakhale kunja kuli gwa, kungoti sichioneka.

Njira zochepetsera vutoli si zachilendo. Galimoto ya Citroën DS ya mu 1955 idali ndi magudumu akumbuyo obisika pang'ono m'thupi lake, ndipo Honda Insight ya mu 1999 idaphimbidwa chimodzimodzi pofuna kupulumutsa petulo. Galimoto zambiri zamakono zili ndi tizipupa ta pulasitiki kutsogolo kwa tayala lililonse, topatutsa mpweya kuti usamenye tayalalo mwachindunji. Eni galimoto ena amatitaya tikathyoka, poganiza kuti n'tokongoletsa chabe. Pa malole akuluakulu amaika zivindikiro zosalala pa malimu, komanso zipupa zazitali m'mbali mwa ngolo, pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo. Ku America, ndondomeko ya boma yotchedwa SmartWay, imene idayamba mu 2004, imayesa zipangizo zoterezi, ndipo chigawo cha California chidayamba kuzikakamiza pa ngolo zitalizitali mu 2010. Zipupa za m'mbalizi zimapulumutsa mafuta okwana magawo anayi kapena asanu pa 100 alionse pa liwiro la msewu waukulu, pamene zivindikiro za malimu zimapulumutsa gawo limodzi kapena kucheperapo.

Komatu ziwerengerozi zidapezeka pamisewu yosalala, pa malole othamanga makilomita pafupifupi 100 pa ola tsiku lonse. Ulendo wa fodya wa ku Mashonaland ndi wina. Umayambira pa shedi, m'msewu wa fumbi wa mabampu ndi zigwembe, pamene dalaivala sangapitirire makilomita 30 kapena 40 pa ola. Pa liwiro la 40, mphepo imakankha ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu yake ya pa 80, ndipo chimene chimadya mafuta ndi kulemera kwa katundu ndi kukwinyika kwa matayala. Chipupa chotsika pafupi ndi nthaka sichingakhalitse m'msewu woterowo. Chimasweka pa mlatho woyamba wokumbika, ndipo mvula ya kumapeto kwa dzinja ikagwa chimasunga matope. Ngakhale mpweya weniweniwo ndi wosiyana. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho phindu la zipangizozi limachepanso pang'ono.

Palinso nkhani ya mabuleki, imene ndi ya moyo ndi imfa. Mabowo a limu amalowetsa mphepo yoziziritsa mabuleki. Lole yolemedwa yotsika chitunda cha Zambezi kuchokera ku Makuti kulowera ku Chirundu imafunika mphepo imeneyi kwambiri, ndipo mmisiri wodula lata n'kutseka nalo limu lonse angathe kupulumutsa madontho a dizilo n'kutenthetsa mabuleki. Chivindikiro chimabisanso mabawuti, amene dalaivala wosamala amayenera kuwaona m'mawa uliwonse asanalize injini.

Kwa malole oyenda maulendo ataliatali pa tara, monga opita ku Beitbridge kapena ku Beira, zipupa zopangidwa mwaukatswiri zingathe kubweza ndalama zimene zidagulira. Kwa lole ya matani asanu ndi awiri yozungulira m'mapulazi a ku Hurungwe kapena Mazowe, zothandiza ndi zotsika mtengo. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, chifukwa tayala lophwa limatupa m'mbali, limatentha ndipo limalemetsa injini. Madigadi opindika awongoledwe, ndipo zikopa za labala zolendewera kumbuyo kwa magudumu zisakhale zazikulu kuposa tayala, poti zikatero zimakola mphepo ngati thanga la ngalawa. Lona imangidwe zolimba, mabelo asatulukire m'mbali, ndipo akafika pa tara dalaivala asapitirire makilomita 80 pa ola.

Kusintha kwakukulu pa mtengo wa ulendowu sikudachokere ku magudumu. Makamaka kuyambira mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, makampani ogula fodya wolimidwa pamgwirizano adachulukitsa malo ogulira m'matauni monga Karoi, Mvurwi ndi Marondera. Mlimi wa ku Karoi amene amagulitsa kwawo komweko sakulipiranso ulendo wa makilomita pafupifupi 200 wopita ku Harare, gawo lomwe lija la tara limene mphepo inkadya mafuta ochuluka.