Kuchosa glu ya kapeti mu ka ndeke: apa wire brush siingena

Mukakwera basi ya ku Matero olo ku Chawama, yang'anani pansi. Kapeti ikang'ambika, ba mechanic amaizula chabe, atenga petulo na wire brush, apala glu, mailo basi yabwelela pa mseu. Manje ganizilani tundeke tung'ono twamene tumanyamula ma tourist kupita ku Mfuwe na ku Lower Zambezi. Nato tuli na kapeti, ndipo nato tumakalamba. Cessna 172 inayamba kupangidwa mu 1956, ndipo zina zamene zikali kuuluka ni zazikulu kupambana imwe. Kapeti yakale ikachoka, pansi pamasala glu youma gwa, yomamatila monga nsima yogona mu poto. Ngati maloto yanu ni kusebenza ku hangar, zibani kuti iyi ni imodzi mwa nchito zamene amapasa ba apprentice, ndipo apa ndiye pamaonekela ngati muli na mtima.

Vuto ni yakuti pansi pa ka ndeke ni aluminium yopyapyala maningi. Pamwamba pake pali primer na ka layer kocheepa kamene kamaiteteza. Mukakanda na wire brush olo steel wool, chitetezo chija chapita, futi tuzidutswa twa nsimbi tusala mu aluminium. Chinyezi chikafika, nsimbi ziwili izi ziyamba kudyana. Nguwe ya aluminium siifiila monga ya pa malata, imaoneka monga ka unga koyela. Ikabisala pansi pa kapeti yatsopano, kulibe azaiona mpaka itadya mbali yamene igwila mipando. Basi ikafa mumaseluka. Mu mwamba muzaselukila kuti?

So nchito imayamba so. Chosani batile, tsegulani vitseko va hangar kuti mphepo ipite, valani magulovu na mask. Vibowo vonse va pansi vitsekeni na tepu, chifukwa kunsi kwake kupita mawaya ya magetsi, mapaipi ya fuel na ma cable yamene pilot amakhotetsela ndeke. Mankhwala sayenela kudonthela kumeneko.

Mankhwala yamene ambili amayambila ni adhesive remover ya citrus, ija inunkha monga malalanje. Yesani poyamba pa kamalo kang'ono, muone ngati siichosa primer. Pakani, vundikilani na pulasitiki kuti isaume msanga, lindilani mphindi zingapo. Glu ikafewa, palani na scraper ya pulasitiki. Olo ATM card yakale isebenza mu makona. Pukutani, pakani futi, palani futi. Musathamangile pansi ponse kamodzi, gwilani kagawo kamodzi mpaka kayele. Ma rivet muziyazungulila bwino-bwino.

Acetone na MEK vimachosa glu msanga, zoona, koma ni vaukali. Mawindo ya tundeke utu si galasi iyai, ni acrylic, ndipo acetone ikakhudza, windo imachita mbuu na ming'alu ing'ono-ing'ono. Nthunzi yake mu cabin yothina imazungulitsa mutu, ndipo imagwila moto msanga. Caustic soda na oven cleaner visiyeni ku kitchen, vimadya aluminium. Petulo, fodya na moto ulionse, iwalani: pa Cessna matanki ya avgas yali mu mapiko, pamwamba pa mutu wanu. Nsanza zonyowa na mankhwala ziikeni mu chitini cha nsimbi chotseka, kunja.

Pansi pakayela, musafulumile kuika kapeti. Iyi ndiye nthawi yoitana ba engineer ba license kuti aone ngati pali nguwe, ming'alu olo njanji za mipando zakutha. Ni beve amalemba mu logbook, ndipo Zambia Civil Aviation Authority ndiye imayang'anila malamulo aya. Kapeti yatsopano nayo si yotola chabe ku Kamwala, iyenela kunkhala yovomelezeka kuti siigwila moto msanga. Eni ndeke ena masiku ano amasankha Velcro m'malo mwa glu yambili, kuti wobwela pambuyo asavutike monga imwe.

Ngati nchito iyi yakukokani mtima, ZASTI, kufupi na Kenneth Kaunda International Airport, imaphunzitsa vokonza ndeke. Koma olo muli chabe na ka Corolla ka ba uncle pa yadi, nzelu ni imodzi: siyani mankhwala yafewetse glu, imwe muzipala pang'ono-pang'ono na vitseko votsegula. Loweluka likubwela, yesani mu boot poyamba.