MABUKU A MILANDU YA IMFA NDI ZAKUDYA ZA KU PHILIPPINES: TINGAPHUNZIRE CIANI?

LUNDAZI: Munthu akadwala mwadzidzidzi atadya kwa mnansi wace kapena atamwa pa bwalo la mowa, maso a anthu onse amalunjika kwa amene anaphika. Maliro asanathe, dzina la mayi wina limakhala litamveka kale m'mudzi monse. Bvuto lomweli ndilo likupezeka m'mabuku ena a nthano ocokera ku America, amene lero tifuna kuti awerengi athu awadziwe.

Mlembi wa mabukuwa ndi mayi Mia P. Manansala wa mu mzinda wa Chicago, amene makolo ace anacokera ku dziko la Philippines. Buku lace loyamba, Arsenic and Adobo, linasindikizidwa m'caka ca 2021, ndipo linalandira mphoto ya Agatha ya buku loyamba lopambana. Pambuyo pace panabwera Homicide and Halo-Halo ndi Blackmail and Bibingka m'caka ca 2022, ndiponso Murder and Mamon mu 2023. Dzina la buku lililonse limachula mlandu pamodzi ndi cakudya ca kwao.

Mtundu uwu wa nthano si wacilendo. Mayi Agatha Christie wa ku Mangalande anaucukitsa ndi nkhalamba yace Miss Marple, imene buku lace loyamba linaturuka mu 1930. M'nthano zotere mulibe mwazi wambiri kapena mau onyansa. Imfa imacitika m'katauni kakang'ono mmene anthu onse amadziwana, ndipo wofufuza si wapolisi ai, koma munthu wamba wa maso akuthwa ndi makutu omvetsera.

Mu Arsenic and Adobo, mtsikana Lila Macapagal abwerera kwao ku Shady Palms, katauni kongopeka, kudzathandiza Tita Rosie pa nyumba yao yogulitsiramo zakudya. Liu lakuti tita litanthauza azakhali kapena amai ang'ono. Mnyamata wina amene kale anali bwenzi la Lila, ndipo ankanyoza zakudya zao m'zolemba zace, agwa nafa ali pa cakudya m'nyumbamo. Apolisi aganizira Lila, ndipo mwini nyumbayo afuna kuthamangitsa banja lonse.

Apa ndipo paoneka mphamvu ya ubwenzi. Mnzace wa pamtima, Adeena, samtaya. Agogo ace, Lola Flor, ndi amai atatu okonda miseche, amene Lila amawacha ninang, ndiko kuti amai a ubatizo, amtolera nkhani kucokera kukhomo ndi khomo. Koma Lila sakhutira ndi zongomva. Afunsa kuti ndani anakhudza mbale, ndani anali ndi mangawa, ndiponso ndani akanapindula ndi imfayo.

Zakudya zace nazo sizitalikirana kwambiri ndi zathu. Adobo ndi nyama ya nkhuku kapena ya nkhumba yophikidwa ndi vinyo wosasa, adyo ndi msuzi wa soya. Bibingka ndi mkate wa ufa wa mpunga wooca m'masamba a nthoci, monga momwe amai a kuno amaocera cigumu. Kwa anthu a ku Philippines, monganso kwa Acewa ndi Atumbuka a m'boma lino, kupatsa mlendo cakudya ndi cizindikiro ca ulemu. Cifukwa cace kunena kuti wophika wathira mankhwala m'mbale ndi kumuphera mbiri yace yonse, ndi malonda ace omwe.

Inu makolo ndi mafumu, taganizirani za mayi wogulitsa nsima ndi ciwawa cotendera pa msika wa pa Boma, kapena wofulula thobwa ku Mwase. Mphekesera imodzi ikhoza kumthawitsira ogula onse, ana ace nkuleka sukulu. Kale makolo ankamwetsa oganiziridwa mwabvi, ndipo ambiri osalakwa anafa. Lamulo la Ufiti la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limaletsa kuloza munthu cala kuti ndi mfiti. Pakagwa imfa yokayikitsa, nchito ya abale ndiyo kudziwitsa apolisi, kuti madokotala apime mtembo ndi kupeza comwe capha munthuyo. Nthawi zina cakupha cimakhala matenda a mtima, ndiwo zoonongeka, kapena botolo la mankhwala a thonje losungidwa pafupi ndi ufa. Akuluakulu anati mlandu suola. Palibe cifukwa coweruzira mofulumira.

Mau ena apite kwa alembi athu acinyamata. Bambo Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, analemba za Mma Ramotswe wa ku Botswana kuyambira 1998, ndipo anthu a maiko ambiri anadziwa Gaborone cifukwa ca iye. Nanga Lundazi asowa ciani? Tili ndi hotela yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene anamangitsa bwanamkubwa Errol Button pa nthawi ya atsamunda. Tili ndi misika ya nshawa, mseu wa ku Chipata, ndi cipata ca ku Malawi pa Lusuntha. Malemu Julius Chongo anaonetsa kale pa wailesi, m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, kuti Cinyanja cikhoza kusunga omvera ali cete kufikira nthano itatha.

Mabuku a mayi Manansala alipo m'Cingerezi, ndipo aphunzitsi angacite bwino kuwafunafuna kaamba ka ana a sukulu za sekondale. Koma ngakhale amene sadzawawerenga angatolepo mfundo imodzi: mnzanu akanamiziridwa, musamthawe, ndipo musaweruze wophika musanamve mau a dokotala.