MALIRE A MALIPIRO M'MASEWERA A HOCKEY

Lero tikambe za hockey, masewera a ku Canada ndi America ocitikira pa madzi ouma ndi cisanu.

M'caka ca 2004 eni matimu a bungwe la NHL anatsekera osewera kunja pa mkangano wa malipiro, ndipo nyengo yonse inatha osasewera. Pogwirizana mu 2005 anaika malire: timu isalipire osewera ake onse pamodzi koposa madola 39 miliyoni pa caka. Mu 2025 malirewo anafika pa 95.5 miliyoni.

Tsono caka ndi caka, kawirikawiri m'mwezi wa March, pali tsiku lotsiriza kusinthana osewera. Apa ndipo malire aluma. Timu yolemera, cinkana ndarama ziri mbwee, siingatenge katswiri ngati malipiro ake adzapyola malirewo. Ziri ngati dengu la mai wogulitsa pa msika wa Soweto m'Lusaka: likadzala, kuti matimati alowe, anyezi aturuke. Nthawi zina timu yopereka munthu ibvomera kumlipirabe gawo, koma losaposa theka.

Woturutsidwayo ndi wanchito monga inu. Amva mbiri pa lamya m'mawa, madzulo ali m'ndege kunka ku mzinda wina, mkazi ndi ana atsala alikumanga katundu.